Mmene amagwirira a Kamtedza

Ndinali pa Park Station ku Joni kudikira basi ya ku Lilongwe, makutu anga ali tcheru ngati mwa masiku onse. Patsogolo panga mnyamata wina ankacheza ndi mayi wachikulire amene anangokumana naye pamzere pomwepo.

"Iwe sukwera, mwanawe?"

"Ayi amayi, ndangobwera kudzatumiza katundu. Kumudzi sindingapondeko. Amalume anamwalira, ndiye akufuna ine ndikalowe ufumu wa Kamtedza."

"Ufumu weniweni ukuuthawa?"

"Ine ndimameta anthu ku Bertrams, ndili pabwino. Ndizikaweruza milandu ya mbuzi? Komanso kwathu safunsa, azimayi amangokugwira. Kamtedza woyamba anamugwira atabisala m'nkhokwe. Wachiwiri, mwana wa mlongo wake, anachita kumutsitsa mu mtengo wa mango. Amalume anathawira kuno ku migodi, koma tsiku limene anapita kumudzi kumaliro anawagwira akusamba."

"Sopo ali kumaso?"

"Anawalonga maso akuwawa! Koma ine sangandipeze, ndinasintha nambala ya foni."

"Unachenjera. Tandigwira dzanja ndikwere, mawondowa anatha."

Mnyamata uja anawakweza bwinobwino mpaka pampando, koma dzanja lake silinabwerere.

"Amayi, tandisiyani, basi ikunyamuka."

"Khalani pansi, a Kamtedza. Ine ndine mng'ono wa agogo anu uja anakwatiwa kutali musanabadwe, mbumba yachita kundituma. Adalaivala, tsekani chitseko! Azimayi kumbuyoko, nthungululu!"

"Mayo ine! Ndilibe ngakhale mswachi!"

"Wa amalume anu ulipo. Nawonso ndi wa ufumu."