Nyumba Yopumulirako Imene Torika Sanaione

Olemekezeka Ratu Semesa, eni nthaka ino ya Vatuloa, pamodzi ndi mafumu onse amene mwakhala nawo pamkeka;

Olemekezeka Bwanamkubwa wa chigawo chathu;

Olemekezeka nthumwi za akuluakulu oona zaumoyo ndi zosamalira anthu, amene mwapirira mafunde kuchokera ku Suva, likulu la dziko lathu;

Olemekezeka abwenzi athu akutsidya kwa nyanja, amene munatigulira simenti ndi malata;

Abusa Apenisa ndi akulu onse a mpingo;

Sisitala Miliakere, namwino mmodzi yekhayo pachilumba chonse chino;

Anzanga aulumali, amene ena mwabwera ndi ndodo, ena pamsana pa abale anu, ena mwanyamulidwa pachitseko;

Ndi inu amayi, azakhali ndi achemwali amene mwakhala kumbuyo uko pansi pa mtengo wa mango, poti munazolowera kukhala pafupi ndi njira kuti mwana akayamba kulira mutuluke msanga osasokoneza anthu;

Amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Yaqona, chakumwa chathu cha mwambo, mwandipatsa ndamwa, nkhata ya maluwa mwandiveka ndavala, ndipo ulemu umenewu ndaulandira ndi manja awiri. Ndikuthokoza anyamata amene anasenza mchenga kuchokera kugombe, amayi amene ankawaphikira, amisiri amene anamanga dzuwa likuswa mtengo, ndi alendo athu amene anamva kulira kwa anthu osawadziwa. Kwa alendo amene simundidziwa, ndine Inoke, mphunzitsi wopuma, wapampando wa bungwe la anthu aulumali pachilumba pano. Mwendo wangawu anaudula chifukwa cha matenda a shuga, n'chifukwa chake ndikulankhula chokhala. A komiti anandipempha kuti mawu anga akhale achisangalalo. Ndayesetsa kuwafunafuna mawu oterowo, koma sindinawapeze. Mundikhululukire, ndikuuzani za Torika.

Torika anali msuweni wanga, mwana wa amalume, ndipo inu apano mukudziwa kuti pakati pa ine ndi iye ulemu panalibe. Ine ndinkamutcha Nkhanu chifukwa cha mayendedwe ake. Iye ankanditcha Mzungu wa Pamtunda chifukwa ndinkaopa kumira m'madzi akuya. Mwana wake Waisake anabadwa bwinobwino. Asanayambe kuyenda anadwala kutentha thupi ndi kuuma khosi, pa nyengo ya mphepo yamkuntho, pamene panalibe boti lotha kudutsa matanthwe a m'nyanja ozungulira chilumba chathu aja. Mmene ankafika naye kuchipatala chachikulu, madokotala anapulumutsa moyo wokha. Miyendo, manja ndi lilime sizinabwererenso. Bambo wa mwanayo anati akupita kuchilumba chachikulu kukadula nzimbe kuti apeze thandizo. Mpaka lero akudulabe.

Sekani, musaope. Torika mwiniwake ndiye ankaseka kwambiri akamanena zimenezo.

Anamubereka mwanayo ali khanda, anamubereka atamera mano, anamuberekabe atamera ndevu. Ankamusambitsa, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumupotera dalo, koko wathu uja, ndi madzi a kokonati n'kumamudyetsa pang'onopang'ono, mutu atautsamiritsa pachifuwa pake kuti asatsamwe. Waisake sankalankhula, koma sanali chitsiru. Mpira wa ragibi ukamaulutsidwa pawailesi, anyamata athu akagoletsa, ankakuwa mpaka agalu a mudzi wonse kuuwa. Kulira kwake kwa ludzu kunali kwina, kwa ululu kwina, kofuna kutuluka panja kwinanso, ndipo munthu wodziwa kusiyanitsa anali mmodzi yekha padziko lonse lapansi.

Nditabwerako kodulidwa mwendo ndinadzitsekera m'nyumba, osafuna kuona munthu. Torika anabwera, Waisake ali kumsana miyendo ikukwekwereka pansi, n'kuima pakhomo.

"Inoke iwe, akuti wafupika. Nsapato inayo undipatse, ndiziponyera nkhuku."

Ndinati, "Choka apa, Nkhanu iwe, sindikufuna zoseka."

Iye anati, "Lira lero, mawa uleke. Walowa mumpingo wathu tsopano, ndipo mumpingo wathu mulibe wodziwa kulankhula ndi mabwana. Iwe Chingerezi umachitha. Kandipemphere chinthu chimodzi."

Ndinafunsa kuti chiyani.

"Sindikufuna mpunga, sindikufuna zovala. Ndikufuna malo oti ndimusiyeko uyu tsiku limodzi lokha, pakhale munthu wodziwa kumudyetsa. Ndipite kumatanthwe ndikatole nkhono ndi anzanga. Kaya ndingogona masana, ndidzuke ndekha popanda wondidzutsa."

Olemekezeka, bungwe lathu linayambira pakhomo pamenepo, ndipo nyumba mukuionayi ndi pempho la mayi ameneyo.

Tinapempha, tinapemphanso. Alendo ankabwera, achifundo ndithu, sindikuwanyoza. Ankatifunsa mafunso, kutijambula zithunzi, kumugwira Waisake dzanja, n'kukwera sitima yomwe abwera nayo. Ena anatitumizira njinga ya olumala yonyezimira, yopangidwira simenti ya m'chipatala. Itangotsika pakhonde inatitimira mumchenga. Lero ili kwa mlamu wake wa Torika, amanyamulirapo kokonati. Torika ankati, "Waona, suweni, chitukuko chafika. Kokonati zathu zikuyenda mokhala ngati mabwana."

Nonse mukukumbukira namondwe uja anagwetsa tchalitchi chakale. Belu litalira masana aja, aliyense anagwira mwana wake ndi nkhalamba yake, kuthamangira kusukulu pamwamba pa phiri. Ine anandinyamula adzukulu anga. Njira ya kusukulu ndi masitepe okhaokha, ndipo Waisake anali mwamuna wamkulu, wolemera kuposa amayi ake. Torika anamukokera pamkeka mpaka m'bafa la simenti kuseri kwa nyumba, n'kumugonera pamwamba, denga likuuluka, mitengo ya kokonati ikuthyoka. Mphepo itadutsa, amuna anawapeza ali moyo, madzi ali m'chiuno. Nditamuona Torika ndinayamba kulira. Iye anandiyang'ana n'kunena kuti, "Usalire, Inoke. Mphepo yatikana. Nayonso yaona kuti Waisake ndi wolemera."

Sindikuloza munthu chala. Tsiku limenelo aliyense anali ndi katundu wake. Ndikungonena zimene zinachitika.

Patapita nthawi, Sisitala Miliakere anamupeza Torika ndi chotupa m'bere, ndipo anamuuza mosabisa kuti apite ku Suva msanga, nthawi ikanalipo. Tinamuumiriza mpaka anavomera. Mlamu wake anadzipereka kusunga Waisake. Tsiku la sitima tinamuperekeza kudoko, chikwama chili pamutu, atavala diresi lake la kutchalitchi. Katundu akukwezedwa, tinangoona mlamu uja akuthamanga, akulira.

"Mlamu, Waisake watsamwa! Wada nkhope! Sindikudziwa momugwirira!"

Torika anasenzanso chikwama chake, n'kuthamanga kubwerera kumudzi. Anamupulumutsa mwana wake, sitima inapita.

Ndinamutsatira ndi ndodo zanga. Ndinati, "Torika, ufa."

Anati, "Ndikudziwa. Koma ndikapita, afa ndi uyu, ndipo afa akundifunafuna ndi maso. Iwe ungakagone pabedi la chipatala ukudziwa zimenezo?"

Sitima ina inabwera, inapita. Inanso inabwera, inapita. Torika anayamba kuonda, koma m'mawa uliwonse ankamukokera Waisake pakhonde kuti aone nyanja. Abusa Apenisa, mundilole ndinene zimene anakufunsani ine ndili pomwepo, pakuti mwiniwake sanazibise. Anati, "Abusa, ine ndimapempha Mulungu kuti atsogole ndi mwanayu, ine ndimutsatire sabata yomweyo. Kodi ndi tchimo mayi kupempherera imfa ya mwana wake?" Abusa sanamudzudzule. Anangomugwira dzanja. Ndipo ndikuuzani, olemekezeka, pansi pa mtengo wa mango uko pali amayi ena amene amapemphera pemphero lomwelo. Aweramitsa mitu chifukwa akudziwa kuti sindikunama.

Pemphero lake silinayankhidwe. Anatsogola ndi Torika.

Titaika maliro, banja linakhala pansi. Panalibe wankhanza pamenepo. Otsala pakhomo ndi okalamba, misana inatha. Achinyamata athu ali ku Australia ndi ku New Zealand kuthyola zipatso. Mlamu uja, chitsamwireni Waisake tsiku lija, ankaopa ngakhale kugwira supuni yomudyetsera. Tinagwirizana kuti Waisake apite ku Suva, kunyumba ina yosungirako okalamba imene inavomera kumulandira. Munthu amene anabadwira pano, amene sanagonepo tsiku limodzi osamva mafunde, tinamukweza m'sitima pamachira. Ogwira ntchito kumeneko sanali oipa, koma anali ochepa, odwala ambiri, ndipo panalibe wodziwa kuti kulira uku ndi kwa ludzu, uku ndi kwa mantha. Akuti anatembenukira kukhoma, n'kutseka pakamwa. Chaka sichinathe.

Tsiku limene malata a nyumba ino ankafika, mudzi wonse unapita kudoko, kwaya ya amayi itavala zoyera, kukalandira denga limene tinalipempha kwa nthawi yaitali. Ine ndinali pomwepo, ndipo uthenga wa maliro ndinali nditaulandira, koma sindinadziwe kuti zonse zili m'sitima imodzi. Anayamba kutsitsa malata, poti ndiwo anali pamwamba, amayi akuimba, ana akuvina. Malata atatha, anatsitsa bokosi la Waisake. Kwaya sinachoke pamalo pake. Inangosintha nyimbo.

Ndimwe madzi pang'ono, mundidikire.

Olemekezeka nonse, nyumbayi ndi yokongola, ndipo kuthokoza kwanga si kwachiphamaso. Ili ndi njira yotsetsereka m'malo mwa masitepe, zitseko zotakata, bafa loti munthu asambe atakhala, mabedi okhala ndi zogwirira, ndi makoma oti namondwe akabwera tidzabisalemo. Koma dzulo ndinalowamo ndekha, n'kufunsa kuti kodi Lolemba m'mawa mayi akadzabwera ndi mwana wake adzamulandira ndani. Wogwira ntchito m'nyumba ino palibe. Sisitala Miliakere ndi yemwe amabereketsa, yemwe amatsuka zilonda, yemwe amayenda wapansi kuzungulira chilumba ndi katemera, simungamudule pakati. Wophunzitsa kuongola ziwalo tinamuona kamodzi, ndipo ana amene anawagwira tsiku limenelo lero ndi akuluakulu. Boti lokatenga anzathu a kuseri kwa chilumba palibe, ndipo ambiri a iwo sakudziwa n'komwe kuti lero kuno kuli mwambo wawo. Tauzidwa kuti zonsezi zikuganiziridwa chaka chamawa. Mabwana anga ochokera ku Suva, musandione ngati wamwano, koma mawu akuti chaka chamawa ndinayamba kuwamva ndili ndi miyendo iwiri.

Musaombe m'manja, chonde. Sindinanene chinthu chosangalatsa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndili ndi chiyembekezo. Ndakalamba, ndipo shuga wayamba kudya chala cha phazi lotsalali. Ndaona chipatala chathu chaching'ono chikutsegulidwa ndi nyimbo, ndaonanso mashelefu ake opanda mankhwala. Mantha anga ndi akuti sitima ikanyamuka madzulo ano, nkhumba imene ikuwotchedwa m'dzenje la moto uko titaidya, maluwa awa atafota, wina adzakhoma chitseko ichi kuti mbuzi zisalowe, kiyi n'kukasungidwa kwa munthu wodalirika, ndipo amayi adzabwerera kwawo ndi ana awo kumsana monga momwe anabwerera kuno. Ngati ndikulakwitsa, bwerani mudzandichititse manyazi ndikadali moyo. Ndidzakulandirani ndi yaqona. Ngati sindikulakwitsa, musadzanene kuti simunauzidwe. Titumizireni anthu. Aphunzitseni atsikana ndi anyamata athu omwe ano kadyetsedwe, kanyamulidwe ndi kasambitsidwe, ndipo muziwalipira kuti asathawire kuminda ya zipatso. Mufulumire, pakuti amayi ali kumbuyowo nawonso matupi awo akutha.

Ndamaliza zodandaula. Pali chinthu chimodzi chimene ndikhoza kuchita ndekha lero, popanda kudikira sitima.

Mayi Unaisi, ndakuonani mwaima kuyambira m'mawa, mwana wanu Salote ali kumsana, chifukwa mukakhala pansi amalira. Bwerani kuno kutsogolo. Musachite manyazi, mafumu akupatsani njira. Riboni ya pakhomoyi ikadulidwa, woyamba kulowa musakhale inu olemekezeka, mundikhululukire. Alowe mayi uyu. Salote mumusiye pamiyendo pangapa, Sisitala andionetsa momugwirira, ndipo akalira, alire, tonse tili ndi makutu. Inu mukasankhe bedi, mutseke chitseko, mugone. Chakudya tikusungirani. Zamawa musandifunse, sindikuzidziwa. Chimene ndingakupatseni ndi masana ano okha.

Tsopano, ndi chilolezo cha eni nthaka, m'malo mwa anthu onse aulumali a pachilumba chino ndi mabanja amene amawasamalira, amoyo ndi amene anagona, ine Inoke ndikulengeza kuti Nyumba Yopumulirako ya Vatuloa yatsegulidwa mwalamulo.

Zikomo kwambiri.