Wodwala Wobwezedwa Masana

A Bizwell Mbewe, ahedi opuma a ku Kapata, chimwalirireni akazi awo a Rhoda anasiya kudya, kumeta ndi kutuluka m'nyumba, mpaka mwana wawo Tamiwe anakawalembetsa kuchipatala kumene achikulire ovutika maganizo amapita m'mawa kukathandizidwa n'kubwerera kwawo masana. Zinayamba kuwayanja ndithu, koma m'mawa umenewu mkuluyu anangoti ndwii pakhonde atavala patapata, atalumbira kuti kumeneko sakapondakonso, ngakhale anali atachenjezedwa kuti akajombanso malo awo apatsidwa kwa wina. Ndipo mpamene panatulukira mlongo wawo wamkulu, a Yosefina a ku Tamanda, atasenza mphasa, bulangete, mbaula ndi ndowa.

"Odi kuno... Mayo ine! Achimwene! Mwathawa?"

"Ndathawa kuti? Pano m'pakhomo panga. Takulandirani, alongo. Nanga katundu yenseyu, mukusamuka?"

"Ndadzadikirira matenda." A Yosefina anatula ndowa ija pansi. "Tamiwe anaimba foni kuti atate ali kuchipatala. Ine dzulo lomwelo pa minibasi. Ndalowa mu wodi ya amuna, ndavundukula mabulangete onse, inu mulibe. Ndagona kukhumbi la odikirira odwala. Ndi phala lomwe ndinaphika."

"Phala la yani?"

"Lanu. Ndapatsa bambo wina wa ku Katete wothyoka mwendo. Akupereka moni."

A Mbewe anapukusa mutu. "Mwadzivutitsa chabe. Ine sindikudwala."

"Nanga kuchipatala mumakatani? Akulembani ntchito?"

"Timakacheza."

"Kuchipatala?"

"Ee. Timakhala pamipando mozungulira, ife achikulire, aliyense n'kumanena zimene zikumulemera mumtima. Kenaka amatiphunzitsa kukoka mpweya ndi kuutulutsa bwinobwino."

"Zaka zonsezi munkakoka molakwitsa?"

"Alongo!"

"Ndikungofunsa. Jakisoni amabaya pati?"

"Kulibe jakisoni."

"Diripi?"

"Kulibe."

"Bedi lanu lili mbali iti? Mwina ndinalidumpha."

"Kulibenso bedi! Dzuwa likafika pamutu amatiuza kuti basi, tizipita kunyumba."

A Yosefina anangoti kukamwa yasa. Anakhala pansi pang'onopang'ono, natambasula miyendo, nayamba kumanga chitenje m'chiuno mwamphamvu. A Mbewe anawadziwa mamangidwe amenewo. Ku Tamanda ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti chipatala chikakubweza kunyumba usanachire, achibale ayambe kutola nkhuni za pamaliro.

"Adokotala, ndi pakamwa pawo, anati pitani kunyumba?"

"Ee, koma..."

"Mayo, mwana wa amayi anga! Malemu amuna anga anawabweza kamodzi kokha, sabata sinathe. Inu akubwezani kangati?"

"Tsiku lililonse limene ndapitako."

"Tsiku lililonse! Inu n'kumabwererakonso?"

"Iwo amati mubwerenso."

"Amafuna aone ngati mukadalipo."

Kumsewu kunamveka belu. Anali a Fackson, bambo wa njinga yonyamula anthu, amene Tamiwe anapangana nawo kuti aziwatenga a Mbewe m'mawa. A Mbewe anachita ngati belulo likulira kwa aneba.

A Yosefina anadzuka, nayala mphasa pakhonde pomwepo, naisasa ndi dzanja. "Gonani."

"Sindigona."

"Wodwala amagona. Mukakhala pampando chonchi, odzazonda adziwa bwanji woti amupatse nthochi?"

"Odzazonda ake ati?"

"Amayi a Chigwirizano, abusa, akulu a mpingo. Ndiwaimbira pompano." Anayamba kumasula mfundo ya chitenje mmene munali kafoni kawo.

"Siyani foniyo!" A Mbewe anadzuka mpando n'kugwa chagada. Munthu anali atauza mpingo wonse kuti m'mawa amakathandiza ana a sukulu masamu, ndiye lero bodza lake lidzaimbiridwe nyimbo pakhonde? "Pasapezeke munthu wodziwa zimenezi. Mwamva?"

"Iii, achimwene, matenda sabisa. Mukabisa matenda, maliro adzaulula."

"Maliro a yani?"

A Yosefina analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa anatuluka chafutambuyo akukoka mpando wa sofa.

"Mpandowo mukupita nawo kuti?"

"Pansi pa mango. Amayi adzakhala pansi m'nyumba, abambo panja. Ndi bwino kutulutsiratu. Tsikulo manja amakhala ofooka."

"Bwezerani mpando wanga!"

"Tebulo lija n'lolemera. Tagwirani mbali inayo, pamene mukadali ndi mphamvu."

"Koma abale inu! Tandiyang'anani bwino, alongo. Munthu wakufa amameta ndevu chonchi?"

A Yosefina anawayandikira, nawayang'anitsitsa kuchibwano. "Mwachita bwino kumeteratu. Malemu alamu anu anatipatsa ntchito powameta."

"Mverani! Mwezi watha ndinali munthu ine? Ndinkangokhala mumdima, chakudya chikuuma m'mbale. Lero ndikugona tulo. Dzulo ndadya mbatata mpaka kunyambita zala. Makatani a kuchipinda amene ndinatseka tsiku la maliro ndatsegula. Maluwa a Rhoda awo, mukuwaona? Ndathirira ndine!"

"Amatero," anatero a Yosefina mwachifundo. "Malemu amuna anga anadzuka n'kuitanitsa nyama ya mbuzi. Tinasangalala. M'mawa mwake..."

"Ine si amuna anu!"

"N'chimene ndikuyamikira. Iwo sankakuwa."

"Chandidzutsa ine ndi chithandizo chimenecho!"

"Chocheza chija?"

"Chomwecho!"

"Chopanda jakisoni?"

"Chopanda jakisoni!"

"Ndiye kuti chimachiza?"

"Chimachiza, ndikukuuzani! Kuli a Paulo, amene anali apolisi. Anabwera osalankhula ndi munthu, lero ndi amene amayambitsa nthabwala. Kuli mayi wina ankaopa ngakhale kupita kumsika, pano akugulitsanso tomato. Anthu aja ntchito yawo amaidziwa!"

Belu linaliranso kumsewu, kawiri. A Yosefina anatembenukira kumene linkachokera, kenaka kwa mlongo wawo.

"Nanga a njingawo akuimbira yani?"

A Mbewe anazindikira kuti adzikola ndi mawu awo omwe. Msampha anautchera okha, ndipo unawagwira mwendo womwe anautcherera. Anadzutsa mpando uja, nakhalapo, nayamba kuyang'ana zala za kumapazi ngati akuziona koyamba.

"Sindipitanso," anatero chapansipansi.

"Kochiza kuja?"

"Komweko."

"Chifukwa?"

A Mbewe anayankha atazolika. "Amene amatitsogolera pocheza ndi Nomsa, mwana wa a Jere. Ndinamuphunzitsa ndine, Giredi 2. Ndinkachita kumupukuta mamina ndi mpango wanga. Ulendo watha anandifunsa kuti, 'Aphunzitsi, mukadzuka m'mawa, chimene mumayamba kuchisowa n'chiyani?' Funso lapafupi. Ndinati ndiyankhe mwachidule kuti ndimapezeka ndatsuka makapu awiri, pamene womwa tiyi ndatsala ndekha. Mawu anakana kutuluka, alongo. Ndinalira. Ndinalira ngati mwana wosochera pamsika, pamaso pa mwana wa sukulu. Iye n'kutenga kansalu kundipatsa ine."

Kunena zoona, apa panalibe choseketsa. Munthu anakhala ndi mkazi wake chiyambire unyamata, ndipo nyumba inamukulira tsiku limodzi. A Yosefina anasiya sofa uja pakati pa bwalo, nadzakhala pamphasa pafupi ndi mapazi a mlongo wawo.

"Pamaliro a alamu sunalire, iwe Bizi," anatero mofatsa, monga ankawaitanira ali ana. "Unali yakaliyakali kuloza anthu pokhala ndi kuwerengera abusa ndondomeko. Ndinadziwa kuti misozi imeneyo tsiku lina idzafuna potulukira."

A Mbewe anafwenthera.

"Ndiye mwanayo anakuchotserani malikisi?"

"Malikisi a chiyani? Ayi."

"Anzanu anaseka?"

"Ayi. A Paulo analira nawo."

"Apolisi?"

"Apolisi."

"Mutalira munamva bwanji?"

"Ndinagona mpaka dzuwa kundipeza pabedi."

"Ndiye mankhwala ake ndi amenewo."

"Kaya ndi amenewo kaya si amenewo, ahedi salira pamaso pa ana. Akandiona lero aziti uyo wabwera wolira uja. Malowo apatse wina. Ndanena, ndanena."

Akatero a Mbewe, ndiye kuti zatha. Makani amenewa ndi amene anawasunga pa uhedi zaka zambirimbiri, ndipo ndi omwewo amene tsopano ankawabwezera kuchipinda cha makatani otseka. A Yosefina sanatsutse. Anaimirira, nakuntha fumbi pachitenje, namanganso duku.

"Chabwino. Khalani."

A Mbewe anadzutsa mutu. Kugonja kofulumira chonchi sanakuyembekezere. "Mwamvetsa eti?"

"Ndamvetsa. Wodwala akakanika kuyenda, wodikirira ndiye amakaima pamzere kukamutengera mankhwala. Ntchito imeneyo ndimaidziwa. Ndinaigwira kwa amayi, kwa amalume, kwa malemu amuna anga."

"Kulibe chokatenga! Mapiritsi ndili nawo m'nyumbamu. Kumene kuja n'kolankhula."

"Ndikakulankhulirani. Mpando wanu ndi uti?"

"Aaa! Simungakalankhule za mumtima mwa munthu wina!"

"Wina ndani? Mtima umenewo ndinaubereka kumsana ine. Palibe chimene sindidziwa. Adokotala amafuna mbiri ya matenda kuyambira pachiyambi, ndiye ndikayambira pachiyambi. Mmene munkanyowetsera mphasa mpaka mutayamba sukulu."

"Alongo!"

"Mmene anakuthamangitsirani galu wa kumishoni, kabudula n'kutsala pa waya."

"Zimenezo zikukhudzana bwanji ndi matenda?"

"Akasankha okha. Ine ndikangopereka zonse. Ndikanenanso kuti pofunsira alamu munatuma ine, inu mutabisala kuseri kwa nkhokwe, mawondo akuwombana."

"Nomsa asamve zimenezo! Mwana amene uja amandilemekeza!"

"Za kulira musade nazo nkhawa, ndikalira ine. Ndimalira bwino. Ku Tamanda maliro satentha ndisanafike."

"Mayo ine, Mulungu wanga!"

"Masana akandibweza, ndilolera, magazi ndi amodzi. Ndidzakupatsirani zonse mwandondomeko, ndi kakokedwe ka mpweya komwe. Inu muzingogona pamphasapo. Nomsayo ndi wotani, wamtali?"

Sanadikire yankho. Anatenga kachikwama kawo, ulendo wa kumsewu, akuyenda monga munthu wopita kukagwira ntchito ya Mulungu. A Mbewe anathamangira m'nyumba, natuluka ndi jekete m'manja, phazi lina mu nsapato, lina mu patapata. Pofika pamsewu anapeza mlongo wawo atakhala kale pakhushoni ya njinga, miyendo mbali imodzi, chikwama pamiyendo.

Tsoka ilo, pampopi wa tsidya lina la msewu panali amayi a m'dera lomwelo akutunga madzi, ena mwa iwo a Chigwirizano, ndipo a Molly, mlembi wawo, anali patsogolo penipeni. A Mbewe anatsitsa mawu mpaka kunong'ona.

"Tsikani."

"Mwati?"

"Ndati tsikani, chonde. Anthu akuona."

"Kwezani mawu, khutu ili linatha ntchito." A Yosefina anagwira malaya a mwini njinga. "Bambo a njinga, paja mumanyamula wodwala wa kuchipatala eti? Lero mwanyamula womuimira. Awa akuti sakudwala. Tiyeni."

A Fackson anayang'ana uku, nayang'ana uko, naika phazi pa pedulo. A Mbewe anagwira kaliyala wa kumbuyo kwa njinga ndi manja onse awiri.

"Simupita!"

"Nthawi ikutha, achimwene. Malo apatsidwa kwa wina."

"Malowo ndi anga!"

"Anu bwanji? Mpando uwu ndi wa wodwala, apo ayi womuimira. Womuimira ndine. Nanga inu ndinu ndani?"

Pampopi ndowa ina inadzaza mpaka kusefukira, mwini wake osaiona. A Mbewe anayang'ana amayi aja, anthu amene anawabisira nkhaniyi masabata onsewa, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Anayang'ananso mlongo wawo, amene anali atayamba kale kuyesera kakokedwe ka mpweya. Kenaka anavala jekete lija, namanga mabatani onse, natulutsa mawu aja ankaimitsa nawo sukulu yonse pamzere.

"Wodwalayo ndine! Tsikani, alongo, mukundichedwetsa. Misozi yanga ndikalira ndekha!"