Chitini cha Amino Pamzere wa Mankhwala

Namwino anachenjeza kuti pamzere wolandirira mankhwala tisamalangizane zakumwa, koma palibe anamumvera. Ndinali nditakumbatira mwana wanga, maso ali pa aliyense wotsokomola, pamene bambo wovala ovolosi anatembenukira kwa mayi woyendera ndodo.

"Pepani mayi, ndamva mukutchula MS, nthenda yofoola mitsempha ija. Mlongo wanga akudwalanso yomweyo. Kutopa kwakeko mumatani nako?"

"Ine ndimasoka, bambo. Ikamakwana leveni, mwendo umakana kuponda makina."

"Ufa wa amino asidi munauyesapo? Mlongo wangayo ndinamugulira chitini kumene amagula onyamula zitsulo."

"Cha chithunzi cha chimphona chosavala malaya chija? Mukufuna mlongo wanu azinyamula magalimoto?"

"Koma umathandiza?"

"Ndinapita nacho kwa adokotala. Anati ofufuza sanatsimikizebe. Ndinamwa mwezi wathunthu, masiku ena thupi linkapepuka, ena ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti kutentha kumandifoola, ndiye ndimasoka m'mawa. Nanga adokotala ake anati chiyani?"

"Sanawaonetse. Akuti ufawo ukumupatsa mphamvu, moti jakisoni wa kuchipatala wayamba wamusiya."

"Wamusiya liti?"

"Sabata yachitatu ino."

"Bambo inu! Ufawo ndi chakudya chabe. Jakisoniyo ndi amene amachepetsa kubuka kwa matendawa."

"Ndiye kuti ndamulakwira ndine. Pafoni sangandimvere, ndi wamakani ngati ine ndemwe. Ndimati ndikamuona Loweruka, kwawo n'kutali."

"Loweruka? Lero ndi Lachiwiri."

"Ayi, galimoto imene ndikukonza kugalaja idikire. Ndinyamuka kusanache."