A Ngozo Alibe Vuto

Mu 1984 Zuleka Saiti, wa chaka chomaliza pa maphunziro a ntchito yosamalira anthu, anatumizidwa ku Kasinje kuti akayesere ntchitoyo kumudzi, ndipo munthu amene anam'patsa anali a Lazarus Ngozo, mlimi wa mpunga wokhala yekha. Anawapeza pakhonde dzuwa litakwera, mwendo wamanzere ataukulunga chiguduli n'kuusanjika pachitsa, kumbuyo kwawo nyumba ili ndi theka la denga.

"Odi, agogo!"

"Fikani, mayi." A Ngozo anayang'ana njinga imene Zuleka anabwera nayo, anayang'ana fomu imene inali m'manja mwa mlendoyo, n'kupisa m'thumba la malaya. "Khadi la chipani ndi ili. La chaka chatha ndi ili. La malemu akazi anga lili m'nyumba."

"Fomu yanga ilibe polemba makhadi."

"Nanga mwadzera chiyani?"

"Ndadzamva mavuto anu."

A Ngozo anacheukira kumanzere, kumanja, ndi kuseri kwa nkhokwe.

"Kuno kulibe mavuto."

"Ndiye mukuti kuno kulibe mavuto," anatero Zuleka, akukhala pa mphasa.

"Ndi zimene ndanena."

"Ndiye mukuti ndi zimene mwanena."

"Mayi, makutu ali bwino?"

"Ali bwino. Ku koleji anatiphunzitsa kuti munthu akayankhula tizibwereza mawu ake, kuti adziwe kuti tamumva."

"Oho. Mwabwereza kwa ine. Mukachoka pano mukabwereza kwa yani?"

"Kwa Mayi Pauline, otiyang'anira."

"Iwo n'kubwereza kwa yani?"

"Amatumiza ku likulu."

"Ayi ndithu," anatero a Ngozo, akubweza makhadi m'thumba. "Kulibiretu."

Zuleka analoza kumwamba ndi bolopeni.

"Nanga denga lija?"

"Liti?"

"Limene palibepo."

"Ngati palibe, mukufunsiranji?"

"Linasasuka ndi mphepo?"

"Mphepo ya m'dziko muno ndi yaulemu. Sisasula madenga a anthu. Dengalo lili pa tchuthi."

Zuleka analemba, akuwerenga motsitsa: "Denga... lili... pa tchuthi. Libwerako liti?"

"Mwalembadi zimenezo?"

"Anati tizilemba mawu enieni a munthu."

"Aa! Fufutani."

"Ndi bolopeni, agogo."

Ntchentche zitatu zinatera pa chiguduli. A Ngozo anaziingitsa ndi chipewa ngati akungodzikupiza.

"Mwendowu watani?"

"Ukupuma."

"Watupa mpaka m'bondo. Ukununkhanso."

"Ndi chiguduli chikununkha. Mwendo ulibe mawu."

"Pali bala pamenepo."

"Ngakhale litakhalapo, si la kuno ayi. Lembani bwino pamenepa. Ndinapita ku Tsangano kwa mlamu wanga kukathandiza kukumba mbatatesi. Khasu limene linanditema ndi la ku Mozambique. Bala lachilendo ili. Dziko lathu lilibe nalo mlandu."

"Ndiye mukuti munadumpha malire."

"Ndani? Ine? Ndi mwendo umenewu?"

"Nthawi imeneyo unali usanatemedwe."

"Sindinadumphe kanthu! Khasu ndi limene linadumpha!"

"Khasu... linadumpha... malire," analemba Zuleka. "Linali ndi chiphaso?"

A Ngozo anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati kwa kanthawi, n'kuchivalanso.

"Mayi, nenani zoona. Akutumani ndani?"

"Fomu. Mzere wachitatu ukuti: vuto lalikulu la munthuyu. Sungakhale wosalembedwa."

"Lembani kuti palibe."

"Sizingatheke. Anatiphunzitsa kuti munthu wonena kuti alibe vuto ali ndi vuto lokana vuto."

"Dikirani. Ndikavomera, ndili nalo?"

"Eya."

"Ndikakana?"

"Amakhala awiri."

"Zimenezi mwaphunzira zaka zingati?"

"Zinayi."

"Pepani," anatero a Ngozo, ndi chisoni chenicheni.

Zuleka anatseka bolopeni n'kuika fomu pamwendo. Anayang'ananso bondo lija. Khungu linali litachita kunyezimira.

"Agogo, izi si za pa fomu. Mwendo ukafika pamenepa, ukakhalanso sabata ina, amadula."

"Ndiye mukuti amadula."

"Musabwereze. Kubwereza ndi kwanga."

"Ndimati mudziwe kuti ndamva. Koma kuchipatala sindipita. Kumeneko amafunsa kuti mwadwala chiyani, amalemba m'buku, ndipo bukulo sindidziwa kumene limagona. Ndakhala zaka makumi asanu ndi awiri osadandaula pamaso pa munthu wa bolopeni. Sindiyamba lero Lachitatu."

"Chabwino." Zuleka anayamba kulongedza. "Ndiye kuti ndalephera."

"Mwalephera chiyani?"

"Maphunziro. Lachisanu Mayi Pauline abwera kudzaona fomu. Mzere wachitatu ukapezeka wosalembedwa, adzati sindidziwa kucheza ndi anthu. Ndibwerera ku Sharpevale. Ababa ananena kale kuti ndikalephera, sikelo ya mchere ikundidikira m'sitolo."

"Sharpevale? Sitolo iti?"

"Ya Che Saiti."

"Yachitseko chobiriwira ija? Iwe! Ndiwe mwana wa Che Saiti? Kamene kankagona pa matumba a mpunga wanga kaja?"

"Sindikukumbukira."

"Ungakumbukire bwanji uli m'tulo? Ndiye bwanji osanena? Ine ndimayesa ndikuyankhula ndi boma!" Anasendeza chitsa, nkhope n'kukwinyika ndi ululu, n'kuiwongola msanga. "Tsono tiye tione. Zaka zinayi. Bambo ako auza msika wonse kuti ali ndi mwana ku koleji. Ndiye ukabwerere kukayeza mchere?"

"Ndi mmene zilili."

"Mwanawe, uli ndi vuto."

"Fomuyi si yanga, agogo. Pamwamba palembedwa dzina lanu."

"Dzina ndi langa, vuto ndi lako. Vuto lako n'lakuti ulibe vuto loti ulembe."

Zuleka anaganiza.

"Zimenezo n'zoona."

"Ukugona bwino usiku?"

"Osati kwenikweni."

"Kudya?"

"Pang'ono."

"Waona? Zafika poipa. Anthu a kuno sitimuonerera mwana wa mnzathu akuvutika. Ndikubwereka mwendowu."

"Mundibwereka?"

"Kubwereka, osati kukupatsa. Ulembe pa mzere wako wachitatuwo, Mayi Pauline aone, ukhoze mayeso, undibwezere."

"Ndilembe kuti mwendo wa a Ngozo uli ndi bala?"

"Ulembe kuti mwendo uli ndi bala. Za mwini wake zisiye."

Zuleka analemba. Kenaka anatsitsa chala pa fomu.

"Pali mzere wachinayi. Ukuti: chimene wophunzira wachita pothandiza."

"Umafuna chiyani umenewo?"

"Mwendo upite kuchipatala."

"Chinthu ukabwereka umapita nacho kumene ukufuna. Ine sindiletsa."

"Sungapite wokha."

A Ngozo anauyang'ana mwendowo nthawi yaitali, ngati mbuzi imene yawachititsa manyazi pa anthu.

"Ndiuperekeza," anatero. "Koma undimvetse. Ine sindikupita kuchipatala. Ukupita ndi mwendo."

"Ndiye mukuti..."

"Usabwereze! Bweretsa njinga."

Anawakweza pa kaliyala, mwendo utaloza kutsogolo, Zuleka akukankha. Njira yonse yodutsa m'minda ya mpunga, aliyense wofunsa kuti kwagwanji, a Ngozo ankayankha kuti kuli bwino, akungothandiza mwana wa sukulu. Atafika pa chipatala cha Kasinje, namwino anatuluka ndi buku lake, nayang'ana chiguduli, nagwira mphuno.

"Kalanga ine! Agogo, mwakhala nalo masiku angati bala limeneli? Dzina lanu ndani?"

"Funsani bwino, anamwino," anatero a Ngozo, akutsika mosamala atagwira phewa la Zuleka. "Wovutika ndi mwana uyu. Muthandizeni msanga, mwendo ndi wa eni ake."