Amai Ezelina Manuel, Mphunzitsi Wolemba Kuseli kwa Fomu

Malemu amai Ezelina Manuel anabadwa mu 1956 ku Zumbo, m'dziko la Mozambique. Anaphunzila ku mishoni mpaka kalasi yachinayi. Mu 1975 anakwatiwa ndi a Fabian Zulu, ndipo mu 1987 anathawila m'boma la Petauke nkhondo itawotcha mudzi wawo.

Kumsasa wa othawa nkhondo, bungwe lina linawalemba ntchito yofunsa ana mafunso. Fomu yake inkafunsa zoipa zokhazokha: kulota zoopsa, kulila, kukodza pogona. Iwo ankaitembenuza n'kulemba kuseli zinthu zinayi: kulimba mtima, khama, chifundo ndi kukhulupilika. Chilichonse ankachipatsa malikisi kuyambila 1 mpaka 5, atafunsa mwanayo, mnzake ndi womulela. Mabwana anawadzudzula kuti akuwononga mapepala. Sanaleke.

Anzawo atabwelela kwawo mu 1994, iwo anatsala n'kumalima thonje kuno ku Ndake. Makolo atamanga sukulu yathuyi, anakhala mphunzitsi woyamba. Kutchalitchi anali m'bungwe la amai a Anna Woyela. Ankapima aliyense. Ine Simon Mwelwa, mkulu wa sukulu, pa chifundo anandipatsa 2, ndipo ndinatha sabata yathunthu osawalankhula.

Za matenda ndilibe chonena, chifukwa sanadwale. Lachitatu lomweli komiti ya sukulu inakumana kuti ichotse sukulu Tadala, mtsikana wa giledi 6 amene wajomba milungu isanu n'kukana kunena chifukwa. Kalata yomuchotsa ndinali nditasaina kale. Amai Ezelina anaimilila ndi pepala la malikisi a Tadala m'manja. Anawelenga kulimba mtima, 5. Khama, 4. Pomwepo anagwila mutu n'kugwa pansi tonse tikuona. Tinafika nawo kuchipatala cha Minga atasiya kale kulankhula, ndipo anatisiya Lachinayi masana, pa 15 Okutobala 1998. Adokotala akuti mtsempha unaphulika m'mutu. Ndikuwelenga mbili yawoyi pano pamalilo, koma mtima wanga sunavomelebe.

Dzulo ndinamaliza kuwelenga pepala lija. Chifundo, 5. Kukhulupilika, 5. Pansi pake analemba chimene mwanayo amajombela, ndi munthu amene Tadalayo anamulonjeza kuti sadzaulula. Inenso sindiulula. Ndinachita manyazi, ndipo kalata ija ndaing'amba. Tadala, Lolemba ubwele kusukulu.

Malemu asiya amuna awo a Zulu, ana anayi, Felix, Jennipher, Eustace ndi Mercy, adzukulu atatu, komanso mlongo wawo mmodzi ku Zumbo, amene sitinapezebe womutuma kukawauza.

Amai Ezelina, mzimu wanu upumule mu mtendele.