Kalata Yopumira ya Kalipentala

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka madokotala ndi anamwino, inu alonda a pachipata ndi okolopa amene mumayamba kuona odwala ife tisanawaone, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Kalata yondiitana kudzatsegula chipinda cholandiriramo odwala mwakayakaya ndinaiwerenga kawiri, chifukwa munthu wopuma pantchito akakumbukiridwa mwadzidzidzi pamakhala kanthu. Ndinati kaya amene ankamufuna wakana, ndiye angogwira nkhalamba yapafupi. Musaseke akuluakulu, nkhope yanu yandiyankha kale. Komabe ndathokoza. Kukayikira ndiwo matenda anga, ndipo ndabwera kudzanena zomwe anandichita.

Ndili namwino wachitsikana, Lolemba lililonse m'mawa benchi inkadzaza ndi abambo a matsire ofuna kalata yopumira kuntchito, moti tinkangowatcha a Lolemba. Tsiku lina pakati pawo panali kalipentala, utuchi uli m'tsitsi, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Mayi, pachifuwa pakundipanikiza," anatero. "Ululu ukufika kunsagwada ndi kumkono wamanzerewu."

"Munamwa angati dzulo, bambo?"

"Sindimwa ine, mayi."

"Nonse mumatero."

Sindinawagwire pamkono kuti ndimve kugunda kwa mtima, sindinawayeze chilichonse. Ndinawalembera masiku awiri opuma ndi mankhwala a chilungulira, mumtima ndikudzitama kuti wabodza ndamugwira. Anakagwera pachipata. Pamene mlonda ankadzandiitana, mtima wawo unali utaima kale.

Patapita sabata mkazi wawo anabwera, anaima pamzere ngati wodwala, ndipo nthawi yake itakwana anaika pepala patebulo.

"Mayi, kalata yanu iyi. Bambo a kunyumba sanaigwiritse ntchito."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Kalatayo ndi iyi ndagwirayi, ndaisunga zaka makumi atatu ndipo manyazi ake sanathe.

Makina mwandionetsa aja ndi okongola, koma sindikuwakhulupirira, pakuti makina sapita pabenchi kukayang'ana munthu kumaso. Mukaona thukuta lozizira, milomo yosintha mtundu, kukamwa kopotokera mbali imodzi, mawu olemera ngati a woledzera pomwe fungo palibe, kapena khanda lolobodoka losiya kuyamwa, iwalani za mzere, thamangani. Wofuula ali ndi mpweya wofuulira. Muziopa kwambiri amene wangoti zii pakona, uku akuti ali bwino. Koma kuposa onsewa, muzikayikira mawu a m'mutu mwanu onena kuti awa ndawadziwa kale. Ndi bwino kupusitsidwa ndi a matsire khumi kusiyana ndi kubweza kalipentala mmodzi.

Mwawomba m'manja, koma m'manja sindimakhulupiriranso. Lolemba lina ndidzabwera nditadzifunditsa, ndidzakhala pabenchi, ndione ngati wina adzandigwira pamkono asanandiweruze.

Akuluakulu, landirani kalatayi muikhome pakhomopo, mwina lero igwira ntchito. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chipindachi chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.