Dzanja la Mapalo Linatseguka Ine Nditatseka Pakamwa

Abale anga mwa Ambuye, muli bwanji? Inu a kumpoto mwakhala kumbuyo uko, muli shani? Chotsa chimaikolofoni ichi mwana wanga, ine Mulungu anandipatsa changa cha pakhosi. Ndine ambuya ake a Mapalo, wa ku Kabwata konkuno, uja mumandimva ndikuitanila tomato inu mukali kutsika basi. Lelo ndabwela ndi umboni wa mdzukulu wanga.

Mapalo anabadwa thupi lili louma. Sayenda, sakhala yekha, salankhula. Manja ake anabwela ofumbata, ngati ananyamula kanthu kumene anachokela ndipo safuna kutionetsa. Amake, mwana wanga, anatisiya iye akali wa kumsana, ndiye ndinamubeleka ine. Kumsika pa chitenje, kutchalitchi pa chitenje, kuchipatala pa chitenje. Mwana anakula mpaka mapazi ake kumandigunda m'mawondo, ndipo tsiku lina tinagwa tonse awili pa mpopi.

Atate ake, bashi Mapalo, amayendetsa minibasi ya ku Chelstone. Munthu wabwino, wosakonda mkangano. Anabwela, anakhala pakhonde chipewa chili m'manja. "Ba mayo, mwatopa. Mvula ikayamba ndimupeleka ku Mansa kwa amayi anga, kuli manja ambili." Ine: "Apongozi, mwana uyu adziwa fungo langa!" Iwo pansipansi: "Ba mayo, uyu sadziwa pamene ali. Kabwata, Mansa, kwa iye n'chimodzimodzi."

Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Ndinayamba kuyenda ngati munthu ali pansi pa madzi. Pamsika ndimangoyang'ana kumwamba, mtambo uliwonse ndikuuona ngati basi yoyela ikubwela pang'onopang'ono kudzamutenga. Anthu kugula tomato, ine chenji kuiwala. Kunyumba ndimapemphela, ndipo inu muwadziwa mapemphelo anga, malata amanjenjemela. Ndimagwila kadzanja kaja: "Tseguka! M'dzina la Yesu, tseguka!" Dzanja m'malo motseguka, gwa! Zala mpaka kulowa m'nyama. Ine ndikati satana wakwiya, ndimaonjezela mawu.

Thandizo linabwela kudzagula tomato. Mayi woonda, kamawu kake ngati akuopa kudzutsa khanda, dzina lawo ba Mutinta. Anaona Mapalo atagona pamphasa kuseli kwa tebulo, anagwada, anamupatsa moni asanandipatse ine. Kenaka akuti, "Ambuya, Loweluka mubwele naye ku Woodlands, pa holo. Timaphunzitsa ana ngati uyu masewela." Ine: "Masewela? Mayi, mwamuona bwino? Azithamanga ndi chani, makutu?" Anangomwetulila, n'kundilongosolela njila.

Tinapita. Inali nthawi ija maluwa a jakalanda amayala msewu wonse, ndipo mapazi anga samamveka, ngati ndikuponda pa mtambo. Mu holo kuwala kumatsika kuchokela pa mawindo a m'mwamba, kafumbi kakuyandama m'menemo. Mwana wina akugubuduka pa matilesi, wina akukankha chimpila ndi chipumi, mkulu wina wa ndevu ali pa njinga yake ya olumala akudikila baluni kuti aimenye ndi phazi. Baluni ija kutsika, kutsika, osafika. Ndinadzifunsa, kodi ndinafa pa mpopi paja, uku ndi kumwamba?

Mapalo anamukhazika pampando, mapilo uku ndi uku. Kutsogolo kwake anaika paipi yodula pakati ngati ngalande ya padenga, yotsetseleka, kumapeto kwake mabotolo apulasitiki ataimilila. Ba Mutinta anathowa dzanja ndi kansalu kofunda, anatambasula zala, n'kuikamo kampila kofewa. "Ntchito yake ndi imodzi, ambuya, kukasiya."

Ine ndinaimilila. "Mapalo! Siya! Siya mwana wanga, uwaonetse!" M'manja phwa phwa phwa! Mwana thupi lonse nga! ngati thabwa.

Ba Mutinta anandikokela pambali. "Ambuya, phokoso likamudzidzimutsa, minofu yake imakokana. Si mwano, si chiwanda, ndi m'mene thupi lake limamvela. Mukhale apa, musanene kanthu." Ine: "Ine? Ngakhale kutsokomola?" Iwo: "Mukatsokomole panja."

Abale, kusala kudya n'kopepuka! Loweluka lililonse ndimakhala pa benchi nditaluma chitenje, thukuta kamukamu. Kunyumba ndinapinda masokosi kukhala mpila, ndimathowa dzanja ndi madzi ofunda, ndikupemphela monong'ona. Anansi anabwela kudzagogoda: "Ambuya, mwadwala? Sitikukumvani!" Koma chala chachikulu chinayamba kufewa. Tsiku lina chimasuka, tsiku lina chikana. Ba Mutinta akuti, "Musamuthamangitse, ali m'njila."

Mitambo inada, mphepo inayamba kununkhila dothi. Ndinagwada kwa apongozi anga kuti abwele kamodzi kokha adzaone. Anafika, anaimika minibasi panja, anaima pakhomo la holo makiyi ali m'manja, ngati munthu amene sakhalitsa.

Ba Mutinta anaika kampila m'dzanja la Mapalo. Holo yonse zii, kumangomveka nkhunda padenga. Mapalo sanayang'ane mabotolo ayi. Anatembenuza mutu movutikila, kufunafuna, mpaka maso anapeza atate ake pakhomo paja. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka chala chimodzi chinatambasuka, china, china, ngati duwa la dzungu m'mawa. Kampila kanatsika mu paipi mosafulumila, ine ndikukaona ngati kakuyenda chaka chonse. Mabotolo gubudu! Mwana anaseka, maso akali pa atate ake, dzanja lili chitsegukile, kupempha kampila kabwelenso.

Bambo uja makiyi anagwa. Anatola kampila yekha, anagwada, anakaika m'dzanja la mwana wake. "Mapalo, mwana wanga, wandiona? Bwelezanso." Anabweleza! Pamenepo anatembenukila kwa ine, misozi mpaka mu kolala. "Ba mayo, uyu ali ndi timu yake kuno. Loweluka ndizibwela ndi basi pakhomo, kunyamula ndizinyamula ine. Ku Mansa tidzapita kukacheza chabe."

Ine chitenje chikali mkamwa ndinathamanga, kutuluka pageti, mpaka pansi pa mtengo kutsidya kwa msewu. Pamenepo ndinalavula chitenje, nthungululu! Agalu onse a m'mipanda ya ku Woodlands anandiyankha.

Sindikunamizani abale, Mapalo sayenda, salankhula. Koma ali pakhomo panga, ndipo dzanja limene ndinalikalipila zaka zonse zija, Mulungu analitsegula ine nditakhala chete. Ndithokoza Ambuye, ndithokoza mayi uja wa kamawu kakang'ono. Inu amene muli ndi mwana wotele mwamutsekela kuchipinda chifukwa cha manyazi kapena kutopa, musataye mtima, mutulutseni. Alipo masewela ake, ndipo akudziwa pamene ali.

Iyayi, iyayi, m'manja musaombe! Wa ng'oma, gwila manja ako! Mwini wake ali pomwe pano, uyo pafupi ndi chitseko, pamiyendo pa atate ake. Kwezani manja m'mwamba chabe, muwatambasule, muwagwedeze mwakachetechete. Eya, choncho. Taonani, nayenso akutsegula lake.